Ndondomeko ya chaka ya gulu la mbiri ya kwathu: tiyambire pati?

Mlembi_wa_gulu:

Moni nonse akuluakulu. Kuno ku Chiradzulu tagwirizana anthu 12 kuyambitsa kagulu kofufuza ndi kusunga mbiri ya dera lathu. Ena ndi aphunzitsi, ena anapuma pa ntchito, achinyamata alipo atatu. Malo okumanira atibwereka kalasi imodzi pasukulu ya pulayimale. Ndalama ndi zosonkherana basi, palibe bungwe lotithandiza.

Andipatsa ntchito yolemba ndondomeko ya chaka chonse, ya misonkhano yoti anthu azibwera kudzamva nkhani komanso zochitika zina zokoka anthu a m'midzi. Maganizo amene alipo ndi oti tizikumana mwezi uliwonse Loweruka masana, mitu 12, ndipo titsegulire pa 15 Januwale ndi nkhani ya John Chilembwe poti ndi wakwathu konkuno. Kodi zimenezi zingatheke? Tisankhe miyezi iti, mitu yotani, ndipo msonkhano umodzi uziyenda bwanji kuti anthu asatope? Nanga zimene agogo anganene tizisunga bwanji? Chonde amene mukuzidziwa bwino tithandizeni.

Mphunzitsi_wopuma:

Alembi, choyamba fufutani nambala 12 ija. Anthu 12 osonkherana angakwanitse misonkhano 6 kapena 7 pa chaka, yokonzedwa bwino. Mukaumirira wa mwezi ndi mwezi, pofika wachinayi wokamba nkhani adzakhala yemwe uja, omvera adzakhala a komiti okha.

Kalendala yoti muyendere ndi ya kumunda. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali pa kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza, m'nyumba zambiri chakudya chachepa, misewu ya dothi yaterera, ndipo mvula ikagwa pa malata a kalasi simungamvane ngakhale mutakuwa. Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi ndi kukolola. Nyengo yanu ya misonkhano ya anthu onse ndi kuyambira kumapeto kwa Meyi kufika pakati pa Novembala. Miyezi ya dzinja ija siitayika ayi: ndiyo yoyendera agogo kunyumba kwawo madzulo, awiriawiri, ndi yolemba makalata opempha malo ndi okamba nkhani.

Za 15 Januwale sindikugwirizana nazo. Tsiku limenelo mwambo waukulu umakhala uli kale ku PIM (Providence Industrial Mission, mishoni imene Chilembwe anayambitsa) ku Mbombwe, aliyense wokonda nkhani ya Chilembwe amakhala ali kumeneko kapena pa wailesi. Mupiteko ngati gulu, mukamvere, mukadziwane ndi akuluakulu a mpingo amene mudzawafune mtsogolo. Komanso mudziwe kuti 15 Januwale ndi tsiku lomukumbukira chabe. Kuukira atsamunda kumene iye anatsogolera kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Ana ambiri asukulu amasokoneza masiku amenewa, gulu lanu lisawonjezere chisokonezocho.

Tsegulirani ndi mutu umene aliyense ali ndi chonena: mayina a midzi, mitsinje, madambo ndi mapiri. Jambulani mapu a dera lanu pa bolodi ndi choko, muike msewu, mtsinje ndi msika zokha, kenako anthu azidzaza okha. Dzina la mudzi uno linabwera bwanji, dambo ili ankalitchula chiyani kale, manda akale anali pati. Palibe amene amadziona wosaphunzira pa mutu umenewu, ndipo tsiku lomwelo mudzadziwa agogo asanu kapena asanu ndi mmodzi oyenera kuwatsatira kunyumba.

Mu Juni ikani thangata ndi msonkho. Uwu ndiwo mutu wolemera kwambiri kwanu kuno, chifukwa umafotokoza chifukwa chake midzi ili pomwe ilipo. Alomwe ambiri analowa kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, napeza malo ali m'manja mwa azungu a maesiteti. Kuti ukhale pamalopo unkagwira ntchito m'malo mwa lendi, ndi ina yopezera msonkho wa nyumba, ndipo pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene woyang'anira wamkulu anali William Jervis Livingstone, miyezi ya ntchitoyo inkatalikitsidwa. Munthu akamva zimenezi poyamba, nkhani ya 1915 imamveka yokha. Mukayamba ndi 1915, ana amangoloweza mayina.

Julayi ndi wa ulendo, poti kunja kwazizira ndipo anthu angayende osalefuka. Magomero ndi Mbombwe mungaziyendere tsiku limodzi ngati mwapeza galimoto, koma ndi bwino kuzigawa. Ku Magomero kuli nkhani ziwiri zimene anthu amaziphatikiza: mishoni ya UMCA (ya mpingo wa Angilikani) ya Bishopu Charles Mackenzie ya 1861, imene inasamukira kwa Chibisa mu 1862, ndi esiteti ija ya patapita zaka zambiri. David Livingstone amene anafika ndi amishoniwo mu 1861 si William Jervis Livingstone wa pa esiteti wa 1915. Wotsogolera ulendo anene zimenezi asanatsike m'galimoto.

Ogasiti, amene anapita ku Joni ndi ku Halale pa Wenela, Theba ndi Mthandizi, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kunja. Sepitembala, amayi: njala ya 1949, nyimbo za pamtondo, kuumba mbiya. Okutobala, PIM itatha nkhondo ya Chilembwe, momwe Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso mu 1926, chifukwa ambiri amaganiza kuti mbiri ya malowo inathera pamene asilikali anagumula tchalitchi. Novembala, asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda), kufupi ndi Lamulungu lachiwiri la mweziwo pamene dziko limakumbukira omwe anafera ku nkhondo, ndipo mutsekere pomwepo ndi chionetsero cha zonse mwatola.

Loweruka masana mwasiya kunja a Seventh Day. Lachisanu masana mwasiya Asilamu. Tsiku la msika mwasiya amayi onse. Lamulungu kuyambira 2 koloko ndilo limakomera ambiri, koma funsani kaye ngati kulibe mpira pabwalo la sukulu. Wa Ogasiti muonetsetse kuti sukugundana ndi kutuluka kwa chinamwali. Ndipo tsiku lililonse likhale ndi lina lolowa m'malo, sabata yotsatira, lolembedwa kale pa chidziwitso, chifukwa kukagwa maliro m'mudzi msonkhano watha, ndipo n'koyenera kuti uthe.

Wa_zojambula_mawu:

Aphunzitsi afotokoza bwino za miyezi. Ine ndikambe za tsiku lenilenilo, poti magulu ambiri amagwera pamenepa.

Msonkhano usapitirire maola awiri. Pemphero ndi malonje mphindi 10, ndipo wamkulu mmodzi yekha alankhule m'malo mwa onse, apo ayi zolankhula za alendo olemekezeka zidzadya ola lathunthu. Wokamba nkhani mphindi 25 kapena 30. Kenako ola lonse likhale la anthu. Mphindi 15 zomaliza mlembi awerenge mokweza zimene wagwira, kuti amene wamumva molakwika akonze pomwepo. Wokamba nkhaniyo ntchito yake ndi kuyatsa moto chabe. Chimene mwabwerera ndi gogo uja wakhala kumbuyo amene adzanene kuti "ayi, sizinali choncho, ife tinkapita kukagula chinangwa kuseri kwa phiri."

Mipando musaisiye m'mizere ngati kalasi. Izungulireni, agogo akhale kutsogolo pafupi ndi wokamba chifukwa ambiri makutu anayamba kulemera, ndipo muyale mphasa ziwiri za amene sakonda desiki. Pa mutu wa amayi wotsogolera akhale mayi, ndipo abambo apemphedwe kudikira mpaka amayi atatha. Mukapanda kutero adzayankha ndi abambo funso la momwe ankasinjira gaga nthawi ya njala. Ngati gogo akuyamba kusakaniza Chilomwe kapena Chiyawo, musiyeni, pezani womasulira. Nyimbo ndi mayina a zinthu zimatuluka m'chinenero chimene anazimvera.

Chinthu chokoka anthu kuposa chidziwitso cha papepala ndi kuwauza kuti abwere ndi chinthu chakale. Pa mutu wa ku Joni wina adzabwera ndi chitupa cha ku mgodi, wina sutukesi yachitsulo, wina chithunzi chojambulitsa ku situdiyo atavala chipewa. Mupatseni mwini wake chinthucho m'manja, mufunse kuti "ichi munachitenga kuti?" Munthu amene akanangoti "tinkavutika" adzayamba kutchula komwe anakwerera, amene anamuyeza pachifuwa, dzina la komponi, ndi zimene anagulira amayi ake pobwera.

Pamsonkhano jambulani mawu, koma musadalire zimenezo, phokoso limachuluka. Kujambula kwenikweni ndi kwa kunyumba. Pitani awiri, wina afunse, wina alembe mayina ndi malo m'kope. Foni ikhale yodzaza moto, muiike pa flight mode kuti wina akaimba isadule, ndipo muigoneke pa nsalu yopinda pa kampando, kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pakamwa pa wolankhula. Mukaigwira m'manja mudzamva zala zanu zokha. Khalani kuseri kwa mphepo, kutali ndi chigayo, wailesi ndi nkhuku. Jambulani mphindi imodzi, mumvetsere, kenako muyambe. Mawu oyamba akhale anu: tsiku, mudzi, dzina la wofunsidwa, ndipo iye anene yekha kuti walola kujambulidwa ndiponso ngati akulola kuti anthu ena adzamve. Ena adzalola kujambula koma osatchulidwa dzina. Lembani zimenezo ndipo muzisunge.

Gogo asapitirire ola limodzi. Ndi bwino kubweranso kawiri, ulendo wachiwiri ndi umene amakumbukira zambiri. Musamufunse chaka, mudzamuchititsa manyazi ndipo adzangotchula nambala kuti akusangalatseni. Funsani kuti zinachitika njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, nthawi ya chitaganya kapena Kamuzu atabwera, ndalama zikadali masheleni kapena zitasintha. Chitaganya ndi 1953 mpaka 1963, Kamuzu anabwera mu Julayi 1958, kwacha inalowa mu 1971. Kwa a ku migodi chizindikiro chabwino ndi ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi opitirira 70, boma n'kuletsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Aliyense wa m'badwo umenewo amadziwa ngati anapita ngoziyo isanachitike kapena pambuyo pake.

Kukula kwa mafayilo: MP3 yabwinobwino imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye ola ndi 60 MB. WAV imamveka bwino koma ola limodzi lingafike 300 MB. Tsiku lomwelo sinthani dzina la fayilo, muyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako mudzi ndi nambala ya wofunsidwa, ndipo muikopere malo atatu: kompyuta, fulashi yosungidwa kunyumba ina, ndi pa intaneti. WhatsApp si nkhokwe, foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi zonse zapita. Dziwaninso kuti kulemba papepala ola limodzi la mawu kumatenga maola asanu kapena kuposa. Gulu lanu likajambula agogo 10 pa chaka n'kulemba onse, lagwira ntchito yaikulu kuposa lojambula 40 osalemba ndi mmodzi yemwe.

Ndipo muyambe ndi okalamba kwambiri. Palibe wamoyo amene anaona 1915, zimene mudzamve ndi zomva kwa omva. Koma amene anali ndi zaka 10 pa njala ya 1949 lero wapitirira 85. Amenewo sangadikire ndondomeko ya chaka chamawa.

Mlembi_wa_gulu:

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndalemba. Funso lina: achinyamata akufuna tigule pulojekita ndi jenereta, ndipo mmodzi wa akuluakulu wapempha kuti mutu umodzi ukhale wa mbiri ya maufumu a dera lino. Muona bwanji?

Mayi_wa_ku_Namadzi:

Alembi, pulojekita isiyeni chaka chino. Kalasi ya pulayimale masana imawala kwambiri, pakhoma padzangooneka mbuu, ndipo jenereta idzalowa m'mawu onse amene mwajambula pokhapokha mutaiika kutali mamita 20 ndi waya wautali. Zithunzi 10 zosindikizidwa pa A3, zoyenda m'manja mwa anthu, zimagwira ntchito kuposa. Gogo amachiyandikitsa kumaso, amaloza ndi chala, amatchula dzina la munthu waima kumapeto. Ngati ndalama ilipo gulani kasipika kotchaja kokhala ndi maikolofoni, makope olimba awiri, ndi mafulashi awiri.

Za maufumu, ayi, osati pagulu, osati chaka choyamba. Kunoko ufumu umayenda ku chikazi, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mbumba ziwiri zimene zimawerenga mzere wa makolo mosiyana. Mukangoti "woyamba kufika pano anali uje", mwaweruza mlandu wa ufumu ndi wa malo osadziwa, ndipo kope lanu lidzaitanidwa kubwalo ngati umboni. Wopempha mutu wotere nthawi zina amakhala ali ndi mbali yake kale, ngakhale ndi munthu wabwino. Ngati mukufuna kusunga nkhanizo, jambulani mbumba iliyonse payokha kunyumba, mulembe kuti "malinga ndi kunena kwa a mbumba yakuti", musasankhe yolondola, ndipo musaziwerenge pamsonkhano. Chimodzimodzi za nthawi ya chipani chimodzi: amene ankagulitsa makhadi mokakamiza ndi amene anamangidwa ali ndi ana m'mudzi womwewo. Mutu umenewo ndi wofunika ndipo uyenera kusungidwa, koma uyambire kunyumba, gulu litadziwika kaye kuti limasunga chinsinsi. Ngati chaka chili cha zisankho, aliyense wofuna mpando asapatsidwe maikolofoni, ngakhale atalonjeza kugula zakumwa.

Koma kwa mafumuwo mupite musanachite chilichonse. Yambani ndi nyakwawa ya mudzi umene muli sukulu, iyo ikutengereni kwa agulupu, agulupu kwa mfumu yaikulu. Musadumphe. Pitani anthu atatu, wamkulu wa gulu alankhule, musiye kalata ya tsamba limodzi ya Chichewa yonena kuti ndinu ndani, mudzakumana liti, ndipo simukugawa chilichonse. Mawu omalizawo ndi ofunika. Anthu anazolowera kuti msonkhano wokhala ndi pepala lolembapo mayina umatha ndi alawansi. Mukayendetsa pepala lotere, mudzaona anthu akudikira panja msonkhano utatha, ndipo ulendo wotsatira sabweranso. Werengani anthu ndi maso, lembani nambala yokha. Nenani poyera pachiyambi kuti pano palibe ndalama, pali thobwa. Chidebe cha malita 20 chimatulutsa makapu pafupifupi 60. Wokamba nkhani wochokera kutali mubwezereni ya thiransipoti yeniyeni, ndipo gogo amene mwamuyendera kunyumba musapite chimanjamanja, paketi ya shuga kapena sopo ndi ulemu wokwanira. Musatchule mtengo wa nkhani, chifukwa nkhani ikayamba kugulidwa imayambanso kukometsedwa.

Chidziwitso chipite ku matchalitchi ndi ku mizikiti masabata awiri tsiku lisanafike, chibwerezedwe sabata yomaliza, ndipo mfumu itumize mthenga wake. Agogo amene mukuwafuna kwambiri muwaitane pakamwa, ndipo mukonze njinga yokawatenga.

Pa chionetsero cha Novembala musatenge zinthu za anthu kukasunga. Mulibe malo otetezeka ku chiswe, chinyezi ndi mbewa, ndipo chitupa cha malemu bambo a munthu chikasowa m'manja mwanu gulu latha. Jambulani chinthucho ndi foni pamthunzi, pa nsalu yoyera, kutsogolo ndi kumbuyo, mulembe mwini wake ndi zimene wanena, mumubwezere tsiku lomwelo. Muwalangizenso eni ake: chithunzi kapena kalata yakale isapite ku lamination, kutentha ndi guluu zimaiwononga ndipo sizimatukanso. Selotepi imasiya chikasu, mapini amachita dzimbiri, bolopeni imadutsa kuseri. Alembe ndi pensulo kumbuyo, aike mu envulopu, envulopu m'chitini chotseka bwino, pamwamba osati pansi pa bedi.

Pa ulendo, ana asukulu apite ndi chilolezo cha ahedi ndi makolo, wamkulu mmodzi pa ana 10, madzi akumwa, ndipo wina akayendere njirayo sabata imodzi kale. Kumanda simulowa popanda mwini mudzi. Mukapeza mbiya zakale, mikanda kapena zitsulo pamalo, musakumbe ndipo musatole. Jambulani, lembani malo, dziwitsani a nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere, ndiponso chinthu chikachotsedwa pomwe chinali, theka la nkhani yake latayika.

Mphunzitsi_wopuma:

Mayi anena zoona za maufumu. Ndingowonjezera za komwe wokamba nkhani angatsimikizire zimene adzanene, chifukwa mphindi 30 zija zikakhala za mphekesera, ola la anthu lidzakhalanso la mphekesera.

Muli pabwino, Zomba ndi Blantyre zonse zili pafupi. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku a maboma amene ma DC ankalembamo za midzi, mafumu ndi msonkho, komanso malipoti a chaka ndi chaka. Dziwani kuti moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919 ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsa, choncho za m'mbuyo mwa chaka chimenecho zimapezeka moperewera. Za 1915 kunali komiti yofufuza imene inamva mboni chaka chomwecho n'kutulutsa lipoti mu 1916. Mukawerenga za nthawiyo mudzakumana ndi mayina amene ana sawamva, monga John Gray Kufa, David Kaduya ndi Duncan Njilima, ndipo mwina adzukulu awo ali m'dera lanu lomwelo. Ku Blantyre pitani ku Mandala House, nyumba ya 1882, kumene kuli laibulale ya Society of Malawi. Bungweli linayamba mu 1946 ndipo magazini yake yakhala ikutuluka kuyambira 1948, muli nkhani zambiri za madera. Ku Chichiri kuli nyumba yosungira zinthu zakale, yabwino kutengerako achinyamata atatu aja kuti aone momwe chinthu chimalembedwera pa chionetsero. Musanakwere minibasi funsani kaye masiku otsegula ndi zofunika kuti mulowe, ndipo mupite ndi mafunso atatu olembedwa, osati kukangoona. Pafupi pomwepo musaiwale mabuku a ubatizo ndi maukwati a mipingo, monga ku Nguludi ndi ku PIM, ndi logibuku ya sukulu imene mukukumanamo. Pemphani mwa kalata, muwerengere pomwepo, musatuluke nazo.

Powerenga za atsamunda kumbukirani kuti wolembayo anali wotolera msonkho. Akalemba kuti mudzi wakuti ndi wa anthu aulesi, kawirikawiri ndiye kuti anthuwo ankathawa thangata. Wokamba awerenge ndime imodzi yotere, aimasulire m'Chichewa, kenako afunse agogo kuti iwo anamva zotani kwa makolo awo. Pamene pepala ndi pakamwa zasiyana, lembani zonse ziwiri, chilichonse ndi gwero lake.

Chomaliza, alembi: msonkhano uliwonse utulutse tsamba limodzi la Chichewa pasanathe masabata awiri, lonena mutu, tsiku, zimene zanenedwa ndi mafunso otsala. Sindikizani makope anayi, la gulu, la sukulu, la mfumu, ndi la gogo amene analankhula kwambiri. La gogolo mukamuwerengere kunyumba kwake, ndipo mutenge pensulo, chifukwa adzakhala ndi zokonza.